Makumba a Mayi Filomena Akhota Msana

Ku Machinjiri, kumunsi kumene nyumba zimathera ndipo madimba amayambira, mukafunsa za a Filomena Likaka anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani njira. Kusekako si kwa chipongwe ayi, amangodziwa zimene mukakumane nazo. Mayi amenewa sakhulupirira munthu. Mukawapatsa moni amayankha bwinobwino, koma maso ali pamanja panu. Akagula tomato pamsika amagwetsa mulu wonse kuti aone wapansi, ndipo akakwera minibasi ya ku Limbe amakhala pafupi ndi chitseko, ati aziona zimene kondakitala akuchita. Ine sindiwaweruza. Munthu amene anakulira m'nyumba za lendi ku Ndirande, kumene ukayanika zovala umakhala pompo mpaka ziume, sachedwa kuphunzira kulondera zake.

Anabadwira ku Goliyo, ku Ndirande komweko, mwana wachinayi wa bambo wosoka matumba pafakitale. Sukulu anailekera Sitandade 7. Anagulitsapo makala, anachapapo kwa amwenye ku Limbe zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mu 2001 anapeza malo ku Machinjiri amene aliyense ankawakana chifukwa cha lowe, ukaponda phazi limamira. Achibale anati mlongo wathu wapenga, akufuna kukakhala ndi achule. Koma iwo anali atamva pawailesi kuti munthu akhoza kuweta nsomba ngati mmene amawetera nkhuku. Damu loyamba anakumba okha ndi khasu miyezi iwiri yathunthu, n'kupatutsira madzi kuchokera m'kamtsinje kotsika kuphiri, kamene anthu kumeneko amangokatchula kuti Khwawa. Kenako anakwera basi ya ku Zomba, kupita kwa mlimi wina wa ku Chingale, n'kubwerako ndi makumba makumi anayi m'chigubu chimene anachifungatira pamiyendo njira yonse.

Makumba makumi anayi amenewo ndiwo anakhala makolo a nsomba zonse za a Filomena. Kuyambira tsiku limenelo m'madamu mwawo simunalowenso nsomba ya kwina, ngakhale imodzi. Alangizi ankabwera n'kuwauza kuti pakapita zaka ndi bwino kubweretsa nsomba zachilendo kuti magazi asinthe. Iwo ankavomera ndi mutu, mlangizi akangokhota pakona ankatsonya. Nsomba ya eni ake ndiidziwa bwanji kumene yachokera ndi zimene yadya? Polowera madzi anatchingapo ndi sefa ya waya kuti ngakhale matemba a mu Khwawa asalowe kudzacheza.

Ntchito yawo sinali yogulitsa ndiwo. Ankagulitsa mbewu, ndiye kuti tiana ta nsomba totalika ngati chala, timene alimi ena amakaika m'madamu mwawo. Ogula ankachokera ku Lunzu, ku Chileka, ku Mpemba, ndipo onse ankachitira umboni kuti mbewu ya kwa a Filomena imakula msanga, siifa chisawawa. Asanapereke, ankathira tianato m'beseni loyera n'kumatiyang'ana kamodzikamodzi, wogula ataima padzuwa mpaka miyendo kuwawa. Banja analibe, ndipo za banja sankakamba. Munthu mmodzi yekha amene ankalowa pakhomo pawo osayang'anidwa m'manja anali a Mwantumu a ku Bangwe, mayi wachisilamu amene ankatsogolera gulu la amayi oweta nsomba m'munsi mwa phiri, ndipo anali atagula mbewu pamenepo zaka khumi ndi zisanu.

Zaka zinayi zapitazo, kumtunda kwa Khwawa, anthu ena anamanga mpanda wa malata aatali. Alonda a pageti ankati ndi pophwanyira miyala ya kwale yomangira nyumba, ndipo makina ankalira tsiku lonse moti anthu anakhulupirira. A Filomena anaona chimene ena sanachione. Malole ankalowa atadzaza matumba, n'kumatuluka opanda kanthu. Kwale wanji wolandira miyala m'malo moitulutsa? Funso limeneli analifunsa pamsika, analifunsa pamjigo, analifunsanso potuluka m'tchalitchi, koma anthu ankangoti, "Mwayambatu a Filomena." Tsoka la munthu wokayikira zonse n'lakuti tsiku limene wakayikira zoona, anzake amakhala atatopa naye kale.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itagwa, Khwawa anatsika ndi madzi otuwa ngati otsukira mpunga. M'mawa mwake madamu onse atatu anali mbee ndi mimba za nsomba. A Filomena anawola, anawola, mpaka msana unakana. Mwa makolo mazanamazana amene ankasunga, anatsala amoyo osakwana makumi atatu.

Mungaganize kuti pamenepo anathamangira kumpanda wa malata kuja, popeza anali ataukayikira kale. Ayi ndithu. Mpandawo unali kutali, a Rafaeli anali pafupi. A Rafaeli anali neba wawo wa kudimba, dalaivala wopuma amene ankalima tomato ndi mpiru, ndipo awiriwa anali atakanganapo kale za ngalande. A Filomena anawapeza akumangirira tomato kumitengo.

"Aneba, dzulo sipuleya yanu yopopera mankhwala ija munatsukira kuti?"

"Mwadzuka bwanji kaye, mayi."

"Ndadzuka ndi maliro. Sipuleya munatsukira kuti?"

"Kunyumba, pampopi. Mesa munandiletsa chaka chatha kutsukira kuno?" A Rafaeli anapukuta manja pa thalauza. "Tabwerani ndikuonetseni kanthu."

Anawatengera kumtunda, kupitirira malire a dimba lawo, n'kuwalozera m'mphepete mwa Khwawa. Nkhanu zinali chagada pamchenga, mbululu zitaunjikana m'matope, zonse zakufa.

"Madzi sakwera phiri, mayi," anatero a Rafaeli. "Mankhwala anga akanapha bwanji nkhanu za kumtunda kuno?"

"Madzi sakwera, koma munthu amakwera," anayankha a Filomena, n'kutembenuka. Panatha chaka chathunthu awiriwa osapatsana moni.

A Filomena anatseka ngalande yochokera mu Khwawa, n'kukumba chitsime pambali pa madamu, osaganiza kuti madzi a m'dambo limodzi amayenderana pansi. Makumba otsala aja anachira, anadya, ndipo kutayamba kutentha anaswa. Mtima wa a Filomena unakhala pansi. Koma tsiku lina atathira tiana m'beseni loyera lija, anaona kamodzi kali ndi msana wokhota ngati chikwakwa, kakungozungulira pamalo amodzi. Anakachotsa, n'kunena kuti m'khola simulephera kubadwa chopunduka. Atatunganso anapeza kena kakamwa kopotoka kosatseka, kena kadiso limodzi lotuwa. Chaka chotsatira zinafika poti beseni lililonse limatuluka nato tambiri.

Sanauze munthu. Ankatikwirira pansi pa nthochi anthu asanayambe kudutsa, ndipo ogula akabwera ankawabweza kuti mbewu sinakwane. A Mwantumu anabwezedwa kawiri, koma sanadandaule, anangoti tidikira, ife mbewu ya kwina sitiifuna. Mawu amenewo anawasangalatsa a Filomena, komanso anawalemera. Mbewu imeneyi ndiyo inali dzina lawo ndi chakudya chawo, ndipo mtundu wa makumba umene anausunga zaka zoposa makumi awiri unali kuwapulumuka m'manja akuona.

Pofuna wolakwa sanasiye malo. Anakayikira madeya, n'kusintha zigayo zitatu. Anakayikira zitosi za nkhuku zimene ankathira m'madamu, kuti mwina nkhuku za masiku ano zimadya mankhwala ochuluka. Anakumbukira mayi wina wa ku Lunzu amene anayamikira nsomba zawo mopitirira muyezo, n'kuona kuti kuyamikira koteroko kuli ndi mwini wake. Anakatenga madzi odalitsa kutchalitchi n'kuwaza m'makona onse anayi a damu lililonse. Tiana tokhota sitinasiye kubadwa.

Pomaliza anagwiritsa nzeru imene anaidziwa bwino, nzeru ya munthu wochapa. Chovala chikada, umachichotsa m'madzi akuda n'kuchitsukuluza m'madzi oyera, chimayera. Mchimwene wawo Raymond anali ndi malo ku Chilomoni, m'munsi mwa Michiru, pamene panali kasupe wotuluka m'thanthwe, wopanda nyumba kapena fakitale kumtunda kwake. Anakumba kadamu kumeneko. Anasankha makumba khumi ndi awiri owongoka bwino, onenepa, a maso owala, n'kuwanyamula m'ndowa zovundikira ndi zitenje kuti a Rafaeli asaone. Kwa Raymond anangoti nsombazi zikupuma mpweya wina, usauze mlamu. Anabwerera ku Machinjiri ali ndi chinsinsi chimene chinkawafunditsa mtima.

Patapita milungu ingapo kunabwera mtsikana wovala majombo, atanyamula bokosi la ayezi ndi kaukonde. Amene anamuperekeza mpaka pamalire anali a Rafaeli, ndipo zimenezo zokha zinali zokwanira kumuipitsira mbiri.

"Zikomo mayi. Dzina langa ndine Olive, ndikuchokera kuyunivesite. Tikupanga kafukufuku wa zamoyo za m'mitsinje imene ili kumunsi kwa malo otsukira golide."

"Golide wake uti? Kuno kulibe mgodi."

"Mgodi kulibe, koma miyala amachita kubwera nayo kuchokera kutali. Mumpanda muja amaipera, n'kusakaniza ndi mankhwala ena otchedwa mekyule, amene amagwira golide. Matope otsala amatsikira mu Khwawa."

Malole olowa odzaza n'kutuluka opanda kanthu aja anali atapeza tanthauzo, koma kunena zoona chimene chinawawawa a Filomena n'chakuti yankho labwera ndi mwana wamng'ono chotere, woperekezedwa ndi a Rafaeli.

"Ndiye kwa ine mukufuna chani?"

"Masampulo basi. Madzi pang'ono, matope pang'ono, nsomba zingapo, komanso zina ndingodula kachidutswa ka chipsepse n'kuzibweza m'madzi. Sizifa."

"Mukufuna mukaswetse mtundu wanga kwanuko eti?"

Olive anaseka. "Kachipsepse sikaswa, mayi."

"Masiku ano chilichonse chimaswa."

Analola, koma anaima pamsana pake mpaka anamaliza, ndipo nsomba zimene anatenga zathunthu anachita kumusankhira okha, zazimuna zokhazokha. Tiana tokhota sanafune kumuonetsa, koma Olive atavuula ndi kaukonde kake tinatuluka tokha. Mtsikanayo anatiyang'ana nthawi yaitali n'kutiika m'botolo.

Anabweranso patatha miyezi inayi, ali yekha, atanyamula mapepala. Anapeza a Filomena akupeta madeya pakhonde, ndipo iwo anamupatsa mpando koma osamupatsa madzi.

"Malizati atuluka, mayi. Mekyule tamupeza m'matope, mu nkhanu za mu Khwawa, ndi mu nsomba zanu. Musamadye, musamagulitsenso ngati ndiwo. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi majini."

A Filomena anaika lichero pansi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapambana mlandu.

"Majini," anabwereza. "Ndinadziwa ine kuti pali munthu. Ndiye makina anuwo amaonetsanso amene anawatumiza?"

Pa nthawi yomweyo, ndinene mosabisa ngakhale n'zochititsa manyazi, nkhope imene inadutsa m'maganizo mwawo inali ya a Mwantumu. Nkhani zopusa za m'tauni zimati majini amadziwika kwa anzathu a kumizikiti ndi a kunyanja, ndipo mtima wozolowera kukayikira susankha pogwera. Mnzawo wa zaka khumi ndi zisanu, amene sanawalakwirepo ngakhale ndi diso, anakhala mfiti kwa kamphindi pakhonde pamenepo.

"Ayi mayi, pepani, si majini a mizimu," anatero Olive, atazindikira. "Ndi mawu a kulabu. Ndikutanthauza kuti vutoli lalowa mkati, tsopano ndi za kumtundu."

Akanadziwa, akanasiya pa majini pomwepo. A Filomena anaimirira, madeya n'kutayikira pansi.

"Mtundu wa ndani?"

"Mayi?"

"Ndati mtundu wa ndani? Wakutumani ndani kuti mudzandiuze mawu amenewo pakhomo panga?"

Olive sakanadziwa, ndipo ku Machinjiri kunalibe amene ankadziwa. Ali ndi zaka makumi awiri, a Filomena anakwatiwa ku Zingwangwa, n'kubereka mwana wamkazi, Chisoni, amene anabadwa ndi msana wopindika. Mwanayo anakhala zaka ziwiri n'kumwalira. Maliro asanaiwalike n'komwe, apongozi awo ananena pamaso pa ankhoswe kuti kwathu kulibe zoterezi, izi n'za kumtundu kwa mkazi. Mwamuna anangoyang'ana pansi. Banja linathera pa mawu amenewo, ndipo a Filomena anawanyamula zaka pafupifupi makumi anayi osawatula kwa munthu. Tsopano mwana wa eni ake, wosadziwa kanthu, anali atawaponda pachilonda.

"Ndikunena mtundu wa nsomba, mayi," anatero Olive motsitsa mawu. "Chibadwa cha makumba anuwa. Za anthu sindikuzidziwa, ndipo sindinabwerere zimenezo. Ndikhululukireni ngati ndalankhula molakwika."

Panapita nthawi a Filomena asanakhalenso pansi. Atakhala, anatola lichero n'kumangolisisita.

"Nenani," anatero.

Olive anafotokoza mosathamanga. Anati m'thupi mwa chamoyo chilichonse muli malangizo ang'onoang'ono amene kholo limapatsira mwana, onena kuti msana uwongoke chonchi, kamwa itseke chonchi, ndipo amenewo ndiwo majini. Poizoni wa m'matope aja amakhala m'thupi mwa nsomba yaikazi n'kulowa m'mazira. Akhozanso kuwononga malangizowo, ndipo akawonongeka mwana amatengera, mdzukulunso n'kutengera. Anati matemba ndi nkhanu za mu Khwawa nazonso zasintha, zimene zinapulumuka n'zochepa ndipo zikufanana kwambiri kuposa za m'mitsinje yoyera.

"Koma za mu Khwawa zili ndi mwayi," anapitiriza. "Madzi akasefukira kumabwera zinzake kuchokera mumtsinje wa Lunzu, magazi amasakanikirana. Zanuzi, mayi, kulabu zikuoneka ngati za mimba imodzi zonse. Munabweretsako liti nsomba ya kwina?"

"Sindinabweretsepo."

"Chiyambire?"

"Chiyambire. Ndi chifukwa chake mbewu yanga inali yabwino."

"Inali yabwino, sindikukana. Koma zinali kale pachibale, ndiye poizoni atapha zambiri zija, zotsala zochepazo zinakwatirana zokhazokha. Pachibale pakachuluka, cholakwika chimene chinabisala chimatulukira poyera. Sindinganame kuti ndikudziwa chimene chawononga kwambiri, poizoni kapena chibalecho. Zathandizana."

A Filomena anayang'ana kumadamu. Kenako anafunsa ngati munthu wongocheza, maso ali kwina.

"Nanga wina atazisamutsira m'madzi abwino, a kasupe?"

"Mwina zingachepeko. Koma sindingakulonjezeni, mayi. Chimene chalembedwa mkati madzi satsuka. Ine ndikanakhala inu, mtundu umenewu ndikanausiya, n'kuyambira pena ndi mbewu yatsopano yochokera malo awiri kapena atatu."

Apo ndiye a Filomena anaona poyera pamene nkhani imalowera. Mtsikanayu ali ndi anthu ake ogulitsa mbewu, akufuna ine nditseke kuti msika ukhale wawo. Anamuperekeza mpaka panjira mwaulemu wonse, za ku Chilomoni osatchulako. Mapepala amene anawasiyira anawapinda n'kuwalowetsa pansi pa matiresi.

Za mpanda wa malata zinatha mmene zimathera nkhani zotere. Lipoti la Olive litafika kumene linafika, kunabwera galimoto ya akuluakulu, n'kupeza geti lokhoma, makina atasamuka kale sabata yapitayo. Amene anawatsina khutu eni ake sakudziwika mpaka lero, ngakhale a Filomena ali ndi mayina asanu a anthu amene amawakayikira. Matope otuwa aja anatsala pomwepo, ndipo mvula ikagwa amatsikabe.

Mwezi wa Novembala Raymond anaimba foni kuti kadamu kaja kadzaza tiana, tikuchita kuda m'mphepete. A Filomena anadikira kuti tikule kufika pa chala, ndipo posafuna kuti chimwemwe chiwapeze okha, anaimbira a Mwantumu. Mwina munalinso kupepesa mumtima chifukwa cha kamphindi ka pakhonde kaja.

"Asisi, Loweruka mubwere ku Chilomoni ndi zigubu zanu. Mbewu yakwana."

Loweruka a Filomena analawira, anafika dzuwa lisanawawe. Madzi a kasupe anali oyera moti mchenga unkaoneka pansi. Anavuula ndi ukonde, n'kuthira m'beseni loyera, n'kugwada. Tiana tinali tokongola, tonyezimira, tothamanga. Anayamba kutiyang'ana kamodzikamodzi, ndipo pa kakhumi ndi chiwiri dzanja linaima. Kanali kokhota msana, kakuzungulira pamalo amodzi. Anatunganso beseni lina, mwina diso lanama. Munali tiwiri. Lachitatu munali tinayi, kena kakamwa kosatseka.

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku, mwa chizolowezi, kufuna woti amuloze chala. Kumtunda kunali thanthwe ndi mitengo basi. Kunalibe mpanda wa malata, kunalibe sipuleya, kunalibe neba. Madeya anali a chigayo china, ndipo Raymond sankadziwa n'komwe kugwira nsomba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Filomena anasowa womukayikira, ndipo zinawaopsa kuposa tsiku limene nsomba zinayandama.

Manja anagwira ntchito okha. Towongoka anatiika m'beseni lalikulu, tokhota m'ndowa, n'kuvundikira ndowayo ndi chitenje, n'kuikankhira kuseri kwa tsinde la mango. Towongoka tinali tambiri, tokwana madamu onse a ku Bangwe. Palibe diso la munthu limene likanatipezera chifukwa.

A Mwantumu anatsika pa kabaza wa njinga yamoto cha m'ma teni koloko, zigubu ziwiri zachikasu zili m'manja. Atapatsana moni anasuzumira m'beseni n'kumwetulira.

"Koma asisi, dzanja lanu silinasinthe. Amayi akagwa nayo mbewu imeneyi. Madamu tinaphwetsa kale, tathira laimu, akungodikira. Ena amati tikagule ku Zomba, ine ndinakana, ndinati tidikire ya a Filomena, ija sitiyang'ana kawiri."

Anatsegula chigubu n'kuyamba kuthiramo madzi a kasupe. A Filomena anaima chilili. Moyo wawo wonse anali akugwetsa milu ya tomato ya anzawo kufuna wowola wapansi, ndipo lero mulu unali wawo, wowola ali kuseri kwa mango. Akanangokhala chete, tianati tikanakula bwinobwino, vuto likanadzaoneka chaka chamawa tikadzaswa, ndipo amayi a ku Bangwe akanakayikira madzi awo, madeya awo, kapena wina ndi mnzake. Iwo ankadziwa bwino mmene kukayikirana kumadyera anthu.

"Taimani kaye, asisi."

Anapita kuseri kwa mango, anabweretsa ndowa, n'kuchotsa chitenje. A Mwantumu anawerama, anayang'ana nthawi yaitali.

"Izi zachokera kuti?"

"M'damu lomweli. Zaka ziwiri zonse ndimakubwezani zija, nkhani yake inali imeneyi. Sikuti mbewu sinakwane ayi. Ndinakunamizani."

"Chabwino, izi tisiye. Koma zowongokazi zili bwino, si choncho?"

"Chikomekome cha mkuyu, asisi. N'za mimba imodzi ndi izi. Zimene zili mkati mwake zikakatulukira kwanu." Kenako anawonjezera kuti, "N'za kumtundu."

A Filomena anafotokoza zonse, za mpanda, za mekyule, za mtsikana wa majombo amene anamuganizira zoipa pamene ankanena zoona, za alangizi amene ankawatsonya. Za kamphindi ka majini sananene, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino. A Mwantumu anamvetsera osadula mawu, kenako anakhuthula madzi a m'chigubu chija n'kuchitseka.

"Ndiye amayi ndikawauze kuti chani?"

"Mukawauze kuti mbewu ya kwa Filomena inatha. Mukagule ku Zomba, ina mukagule ku Thyolo, musakanize. Musadzachite zimene ndinachita ine."

"Nanga izi mutani nazo?"

"Kudya sizidyeka. Kutaya mumtsinje ndiye kukawononga za eni ake. Ndiyamba ndi zino, za ku Machinjiri mawa."

A Mwantumu anamanga bwino mpango wawo, anapita kukhonde kwa Raymond, n'kubwerako ndi makasu awiri. Anakumba dzenje kumtunda, kutali ndi kasupe, amayi awiri achikulire akusinthana kupuma. Anathiramo tiana tonse, tokhota ndi towongoka tomwe. Kenako anagumula khoma la kadamu, madzi n'kutsikira m'munda wouma, ndipo makolo khumi ndi awiri aja anatsala akuphiriphitha m'matope. A Filomena anawatola okha, mmodzimmodzi, osalola mnzawo kuwathandiza pamenepo.

Yomaliza inali yaikazi, yaikulu kuposa zonse, yowongoka bwino, yopanda chilema paliponse. Makumba amafungatira mazira awo m'kamwa mpaka ataswa, ndipo iyi, itamva dzanja la munthu, inayasamula n'kulavulira mazira ake m'chikhatho cha a Filomena. Anali achikasu, ozungulira bwino, ambiri moti ena anagwera pansi. Anawayang'anitsitsa, monga ankayang'anira chilichonse, ndipo sanapeze cholakwika pa dzira ngakhale limodzi.

Pamenepo ndi pamene analira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, atagwada m'matope, mpaka mlamu wawo anatuluka m'nyumba kudzaona. A Mwantumu anamubweza ndi dzanja. Anadikira mpaka mnzawo atatsitsa yekha nsomba ija m'dzenje pamodzi ndi mazira ake, kenako anatola khasu n'kuyamba kukwirira.